Kabuleta mu Ndowa

Zimene zinandipititsa ku Blantyre mvula ili pakati zinali nkhuku. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ine masiku amenewo kuseka kunalibe.

Kwathu ndi kwa Mlolo, kuchigwa cha ku Makhanga, kumene madzi a Ruo akakwiya amalowa m'nyumba osaodira. Chaka chimenecho amayi anali atadwala sitiroko. Mbali yakumanzere inali itafa, sankatha kukhala tsonga, ndipo amayi anga si munthu wochepa thupi. Pa wailesi anali atayamba kale kuchenjeza kuti a m'zigwa asamukire kumtunda. Anzathu ankasamuka, ng'ombe zinali zitapita kale, ngolo zonse zili kalikiliki ndi katundu wa eni ake. Galimoto za matola zinkathera pa Fatima, kupitirira apo madalaivala ankaopa matope. Ife chiyembekezo chathu chinali pansi pa mtengo wa nimu, pamene pankaima galimoto yakale ya malemu bambo, ija yokoka ndi mawilo onse anayi. Ana a m'mudzi ankaitcha Njati.

Njati inkalira ndithu, koma inkataya petulo ndipo ikangotentha inkazima. Mlongo wanga Zuze, wonditsatira ine, anati vuto ndi kabuleta, chipangizo chokhala pamwamba pa injini chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya. Anaimasula n'kuiphwasula yonse kuti aitsuke. Tizitsulo take anatiyala pa lichero langa pakhonde kuti tiume, iye n'kulowa m'nyumba kukatembenuza amayi. Potuluka anapeza nkhuku zili pa lichero.

Kasingano kotseka petulo sikanaoneke, pamodzi ndi kajeti kamodzi, kachitsulo ka mkuwa kodutsamo petulo. Tinasesa khonde lonse, dothi tinalisefa ndi sefa ya ufa. Zuze anapha nkhuku ziwiri zimene ankazikayikira n'kung'amba nthutumba zake. Anapezamo timiyala tokhatokha.

"Mana," anatero, popeza ndimo amanditchulira ine wamkulu wake, "palibe kuchitira mwina. Mupite ku Ndirande. Ine ndikachoka, mama awanyamula ndani madzi akafika?"

"Iwe, unaona kuti zitsulo zikuyanikidwa pa lichero? Nkhuku imadziwa kuti chili pa lichero n'chakudya!"

"Ndalakwa, mana. Koma ndokoni, pitani, nthawi ikutha."

Ndinamutukwana mokwanira, kenako ndinakavala. Iye anabwezera zotsalazo m'malo mwake, anakulunga kabuleta m'chitenje chakutha n'kuiika m'ndowa ya chivundikiro. Ndinalowa kukatsanzika amayi. Kulankhula kwawo kunali kolemera, mawu ankatulukira mbali imodzi ya kamwa, koma ndinamva. Anati ndisakaime m'masitolo. Tsiku limenelo madzi anali adakali kudambo, kuseri kwa tchalitchi.

Kabaza wa njinga yamoto anakandisiya pa Fatima, ndipo apo ndinakwera pikapu ya matola. Tisanapite patali mayi wina wa mwana kumbuyo anayamba kununkhiza.

"Wanyamula petulo ndani muno? Mufuna tipsere limodzi?"

Ndinati ndi chitsulo chabe. Sanakhulupirire mpaka ndinavundukula. Anthu onse anasuzumira, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati ndi mpope wothirira mbewu, wina anati ndi mtima wa chigayo. Mayi uja ananena kuti mtima kaya chiwindi, chikhale kutali ndi mwana wake. Ndinathera ulendo wonse ku chitseko chakumbuyo, ndowa pamiyendo, matope akundithovukira kumsana. Pa Thabwa kondakitala wa minibasi anafuna kuti ndowa ilipire mpando wake. Ndinamuuza kuti ikhala pa ine, ndipo ngati miyendo yanga ili ndi mtengo anene. Anandisiya.

Ku Ndirande ndinazungulira mpaka mapazi kutupa. Anyamata ogulitsa zipangizo ankati akavundukula ndowa n'kuitana anzawo kuti adzaone.

"Mayi, izi n'za nthawi ya agogo. Galimoto za masiku ano zilibe zimenezi."

Uyu ankanditumiza kwa uyo, uyo kwa wina, mpaka ndinafika kuseri kwa msika, pa kashedi ka malata ka bambo wina wa imvi, a Kachingwe. Iwo sanaseke. Anaitulutsa m'chitenje, anaitembenuza, anapukuta pansi pake ndi chala.

"Kachizindikiro kake kali kuti? Pamakhala kalata kakang'ono ka chitsulo apa, ka manambala. Ndi kamene kamatiuza dzina lake."

Anati kamakhala kachitsulo kopyapyala komangidwa pa sikuluwu, ndipo kunena zoona ine ndinali ndisanakaonepo chibadwire. Anandifunsa mtundu wa galimoto. Ndinawaonetsa chithunzi cha Njati pa foni. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana kabuleta, n'kupukusa mutu.

"Iyi si ya galimoto imeneyi. Wina anachita kuikapo. Ikuoneka ngati ya timalole takale ta ku Mozambique, ndipo singano yake kuno simuipeza ngakhale mutagona mwezi. Fuloti yakenso yabooka, tamvani." Anagwedeza kachitini ka mkuwa pafupi ndi khutu langa, ndipo mkati munkamveka petulo. "Koma yake yeniyeni ya galimoto yanuyi ndili nayo. Ndi yakale koma ndiikonza muli pompano. Mundisiyire yanuyi, muwonjezere pang'ono, tithane."

Ndinaimbira Zuze. Foni yake sinkapezeka. Ndinaimbanso, ndinaimbanso, mpaka a Kachingwe anandipatsa mpando. Kumudzi magetsi anali atazima kuyambira mvula ija, ndipo ndinadziwa kuti foni yamuthera moto. Ndinakhala pamenepo mtima uli m'mwamba. Kusiya chitsulo chimene bambo anachigwira ndi manja awo zaka zonsezo kunkandiwawa, koma kubwerera nacho chili chakufa kunali kupusa. Ndinavomera.

Anaikonza ine ndikuona. Anaitsuka ndi petulo m'mbale, anapemerera timabowo tonse ndi pakamwa, anaika gasiketi yatsopano yotseka mpata pakati pa zitsulo. Fuloti anaiviika m'madzi otentha a tiyi wawo kuti aone ngati ituluke thovu, ndipo sinatuluke. Atamanga anaitembenuza chadodolido n'kupemerera polowera petulo, mpweya osadutsa. Anaiimika bwino, mpweya n'kudutsa.

"Singano ikutseka. Mukangomanga, ilira."

Ndinagona kwa msuweni wanga konko ku Ndirande, ndipo kutacha ndinali kale mu minibasi. Koma minibasi yopanda anthu siyenda. Tinakhala, injini ikulira kunamiza anthu, oitanira akukuwa za Chikwawa ndi Nchalo, mvula ikuwaza pagalasi. Ndinkawerenga mipando yotsala ngati kuti kuyang'ana kwanga kuitana anthu. Pamene tinkatsika mapiri aja okhotakhota, chigwa chinaonekera pansi, ndipo malo amene dzulo lake anali obiriwira anali mbee ndi madzi. 

Pa Thabwa foni inalira. Anali Zuze, pa foni yobwereka.

"Mana, muli pati? Madzi adutsa tchalitchi. Ali pa bwalo la mpira."

"Ndili pa Thabwa. Ndapeza ina, yake yeniyeni ya..."

Inaduka. Ndinaimba nambala ija, osalowanso.

Pikapu za ku Fatima kunalibe. Madalaivala anali atakhala pa sitolo akumwa tiyi, akuti mitsinje yadzaza ndipo sangataye galimoto zawo chifukwa cha ife. Tinadikira pansi pa khonde, gulu lonse, mpaka kunabwera lole ya matumba a simenti yopita ku Masenjere. Dalaivala anatchula mtengo woti tsiku lina ndikanamufunsa ngati lole ndikuigula, koma ndinalipira n'kukwera.

Tinayenda mwa kamba, tikutsika potitimira n'kumakankha. Tinadutsa Maperera. Pa Livunzu tinapeza mzere wa galimoto, ndipo mtsinje unali utadzaza mpaka pamsewu, wofiira, ukukokolola nthochi ndi zitsa. Anthu akumeneko anati madzi a m'mapiri sachedwa kuphwa, tingodikira. Tinadikira. Amayi ogulitsa chimanga chootcha anagulitsa chonse. Ine njala sindinaimve, ndinkangoyang'ana mwala wina pakati pa mtsinje kuti ndione ngati ukutuluka.

Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire, a Semba, amene anati anayendetsa mathirakitala ku minda ya nzimbe mpaka kupuma. Fungo la petulo linawakoka. Ndinawafotokozera zonse, za nkhuku zomwe, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anapempha kuti aione.

"Pyadidi, yakonzedwa bwino. Koma mwanena kuti yakale ija sinali yake?"

"Eya. Iyi ndiye yake yeniyeni."

"Yake ya galimoto, kapena yake ya injini?"

Ndinawafunsa kuti zikusiyana pati.

"Mwana wanga, kuchigwa kuno galimoto zakalezi palibe ili ndi injini yobadwa nayo. Munthu savala nsapato ya mnzake popanda chifukwa. Ngati baba wanu anaikapo kabuleta ya lole, mwina injini yomwe ndi ya lole. Munayezanitsa mabowo a pansipa ndi a yakale ija musanaisiye?"

Sitinayezanitse. A Kachingwe anayang'ana chithunzi cha galimoto, ine ndinayang'ana a Kachingwe. Ndipo pomwepo ndinakumbukira, ndili kamtsikana, bambo akubwera kuchokera kutsidya ndi chinthu cholemera chokutidwa ndi lona pa ngolo, amuna ambiri akuchitsitsa ndi mitengo. Amayi anakwiya sabata yonse chifukwa chinadya ng'ombe. 

"Mwina zikwana," anatero a Semba ataona nkhope yanga. Koma ananena akuyang'ana kumtsinje.

Kuchokera pamenepo ndowa ija inalemera kawiri. Kubwerera ku Ndirande sikukanatheka, kutsogolo kunali madzi. Ndinavundukula kangapo n'kumayang'ana mabowo awiri aja, ndikuyesa kukumbukira a yakale, ngati kuti ndinayamba ndawasamalapo. Ndinakwiyira a Kachingwe, ndinakwiyira Zuze ndi nkhuku zake, ndinakwiyira ngakhale bambo m'manda chifukwa chosintha zinthu osauza ana.

Mwala uja utatuluka theka, anyamata a pamenepo anayamba kuolotsa anthu pogwirana manja. Lole inati idikirabe. Ine ndinamanga chitenje m'chiuno, ndowa pamutu, n'kulowa. Madzi anafika m'chifuwa, mchenga ukuthawa pansi pa mapazi. Wondigwira anati ndimupatse ndowa. Ndinakana, ndinati agwire ine, ndowa ndigwira ndekha. Kutsidya ndinapeza njinga zamoto. Wina anandifikitsa pa Nkhate, wina pa Fatima, tikugwa m'matope kawiri, ine ndikugwera chagada kuti ndowa ikhale pamwamba. Wachitatu anandisiya pamene msewu unalowa m'madzi, ndipo kotsalako ndinayenda pansi.

Mudzi unali wopanda anthu, wopanda ngakhale galu. Madzi anali atazungulira mjigo, pamtunda woti ukaitana munthu ali pakhomo pathu amamva. Pakhomo ndinapeza Zuze, ndi a Fulansiku, mmisiri wa matabwa woyandikana nafe, amene anatsala ndi akazi awo podalira Njati yomweyo. Zuze sanandipatse moni. Analanda ndowa, anavundukula, n'kuima.

"Mana, iyi n'chiyani? Yathu ili kuti?"

"Tayesa kaye."

Anakwera pa bampala n'kuitsitsira pa mabawuti awiri otuluka pa injini. Bowo limodzi linalowa. Linalo linatsala panja, kutalika kwa chala chopingasa. Anaitembenuza, chimodzimodzi. Kukuza bowo sikukanatheka, chifukwa chitsulo chake chinkathera pomwepo. Ndiponso kachitsulo kokokera moto kanali mbali ina, kosiyana ndi kumene kunali ndodo yochokera ku phazi la dalaivala.

Zuze anakhala pansi m'matope. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinalira ngati mwana, ndili chiimire.

A Fulansiku anatenga kabuleta ija, anaiyang'ana pansi, anakayang'ana pa injini.

"Pakati apa pakanakhala thabwa," anatero pang'onopang'ono. "Thabwa timange ku injini ndi mabawuti akewo, kabuleta timange ku thabwa ndi ena. Pakati tiboole njira ya mpweya. Koma likhale louma, lolimba, losapindika. Anga onse ananyowa, ndipo ndi a mkungudza, angang'ambike."

Tinayang'ana chitseko, chinali cha malata. Tebulo linali la nsungwi. Pamenepo tinamva kugogoda m'nyumba. Amayi ankamenya kapu pa bedi ndi dzanja lawo lamoyo, monga ankachitira akatifuna. Zenera linali lotsekula, ndipo anali atamva zonse.

Tinalowa. Analoza kudenga. Pamwamba pa mitanda panali matabwa a mlombwa okulungidwa m'mphasa. Tonse tinkawadziwa koma sitinkawatchula. Bambo atamwalira chaka cha madzi ena, tinavutika kupeza bokosi, ndipo amayi analumbira kuti iwo sadzavutitsa ana. Anagulitsa mpunga n'kugula matabwa a bokosi lawo, ndipo ankawatsitsa chaka ndi chaka kuona ngati chiswe chalowa.

"Nkhabe, mama," anatero Zuze. "Amenewo ayi. Kudula bokosi la munthu ali moyo?"

Amayi analimbana ndi lilime lawo mpaka mawu anatuluka.

"Dula. Likafupika, mudzandipinde miyendo."

Akazi a a Fulansiku anagwira pakamwa. Zuze anandiyang'ana kuti ine wamkulu ndinene. Ndinakoka mpando n'kukwera ndekha.

A Fulansiku anadula kachidutswa kotalika ngati chikhatho kumapeto kwa thabwa limodzi. Anapaka mwaye pa injini n'kudindapo kuti mabowo aoneke, anachita chimodzimodzi ndi kabuleta, kenako anayamba kuboola ndi kusema. Ine ndinkadula magasiketi pa katoni ya sopo. Ntchito inkayenda mwa ulesi wake, ndipo munthu sungafulumizitse mmisiri. Nthawi ndi nthawi ndinkatuluka kukaona. Madzi anafika pa khola. Ndinabwerera osanena, koma onse anaona mapazi anga onyowa.

Zuze anamanga, anamata m'mbali monse ndi sopo wonyowetsa kuti mpweya usabe. Pa kokokera moto anamangapo waya wa buleki ya njinga, n'kuudutsa pa bowo la m'bodi mpaka ku mpando wakutsogolo. Anathira petulo pang'ono pakamwa pa kabuleta.

"Mana, khalani umo. Ndikati kokani, mukoke."

Zuze atapotokola kiyi, injini inatembenuka, inatsokomola, inaleka. Kachiwiri inaphulitsa moto pamwamba, akazi a a Fulansiku n'kukuwa. Batire linayamba kufooka, linkamveka kuti latsala ndi mphamvu ya kamodzi.

"Kokani!"

Ndinakoka. Njati inabangula, utsi wakuda n'kudzaza bwalo. Ndikafewetsa dzanja inkafuna kuzima, ndikakoka inkakuwa ngati iphulika.

"Musasiye! Ikazima sidzukanso!"

Choncho sindinatsike. Amayi anawanyamula atatuwo. Kumbuyo kwa galimoto kunali mabowo a dzimbiri, ndiye anayala matabwa otsala aja, pamwamba matiresi, n'kuwagoneka. Anaponyamo thumba la chimanga, mabulangete ndi zida za a Fulansiku. Zina zonse zinatsala.

Zuze ankagwira chiwongolero ndi magiya, moto unali m'manja mwanga. Ndinakulunga waya ku zala, ndipo tisanatuluke m'mudzi unali utandicheka kale. Pamene msewu unalowa m'madzi, Zuze anaima pang'ono n'kuyang'ana mitengo ya m'mbali kuti adziwe pamene pali msewu.

"Apa mukoke mofanana. Osawonjeza, osachepetsa, ngakhale muone chiyani."

Tinalowa. Madzi anakwera m'matayala, anayamba kulowa pansi pa chitseko, anandifika m'akakolo. Galimoto inapendekera kumanzere, mawilo akuzungulira pamodzimodzi, ndipo injini inayamba kutsamwa. Ndinamva akazi a a Fulansiku akupemphera mokweza kumbuyo. Magazi ankatsikira m'chigongono, ndipo chilichonse mwa ine chinkati ndikoke ndi mphamvu zonse. Sindinakoke. Ndinatseka maso n'kugwira pomwepo. Njati inagwedezeka, inagwira pansi, n'kuyamba kukwawa, ndipo patapita nthawi ndinamva madzi akutuluka m'mapazi mwanga.

Inazima yokha titafika kumtunda ku Osiyana, pakhomo pa azakhali, ndipo waya anachita kundimasula ku zala. Ndinathamangira kumbuyo. Amayi anali chigonere, maso otseka, nkhope itanyowa ndi mvula. Ndinawaitana, osayankha. Ndinawagwedeza phewa.

Anatsekula diso limodzi. Dzanja lawo lamoyo linafufuza pansi pa matiresi, linapeza thabwa, n'kuligogoda kawiri.

"Ndawayesa," anatero. "Ngouma kumsana. Kawasungeni, sindikuwafuna chaka chino."